Keke Siidyedwa ndi Maso, Adzukulu Inu

Zimitsani mafoniwo. Ndati kuzimitsa, osati kuwalowetsa m'chitenje kumayesa kuti kuwala kwake sindikukuona. Iwe mkazi mnzanga, sendera uko amuna angawa apeze pokhala, ngakhale ali amuna a dzina lokha, oti chikhalire sanandigulireko ndi sopo yemwe. Ndakuitanirani mlandu. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruzanso ndine ndemwe, ndipo amene chigamulo sichimukomera apite kwa anyakwawa akanene kuti agogo anyoza keke.

Mlandu wake ndi uwu: inu ana a masiku ano mwasiya kudya keke ndi pakamwa, mukudya ndi maso. Wina akati tsiku lake lobadwa layandikira, mumaunjikana pa foni imodzi, mitu pamodzi, kumasuntha zithunzi ndi chala. Iyi aiumba chikwama cha m'manja, iyo aiumba galimoto, inayo aidinda nkhope ya mwini wake pamwamba kuti pamapeto pake timudule mphuno n'kumudya. Mukapeza yokongola mumatumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money kwa munthu amene simunamuonepo, amene khitchini yake simudziwa n'komwe kuti inayang'ana kuti. Keke ikafika, kujambula kumatha ola lathunthu. Kudya n'kwa kanthawi, ndipo ine ndimaona zotsala m'mbale. Aliyense amangokanda pang'ono, n'kukankhira chotsalacho pansi pa kapepala kopukutira m'manja. Agalu a pakhomo pano ndiwo akuwadziwa makeke a m'tauni muno kuposa inu. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo ananena zimenezo Facebook kulibe.

Tsono tcherani khutu ndikuuzeni poyambira. Mukalowa mu bekale imene simukuidziwa, musathamangire ku galasi kumene aika makeke ovala zamaluwa. Itanitsani sikono imodzi, ija yotchipa kuposa zonse, yopanda kirimu, yopanda jamu. Sikono ilibe pobisala. Muibenthule ndi manja, mpeni ayi. Yabwino imagawanika yokha pakati, mkati mwake muli mofewa, moyera bwino, fungo lake la mkaka ndi majarini. Ikakhala yachikasu chodera, yonunkha sopo, yosiya kuwawa kumbuyo kwa lilime, dziwani kuti wophikayo anachulutsa soda kuti itupe msanga ndi kuoneka yaikulu. Ikakhala yolimba, yotafuna mpaka nsagwada kutopa, anaikanda mopitiriza. Ufa wa tirigu ukakandidwa nthawi yaitali umayamba kutamuka, ndipo kutamukako n'kofunika pa buledi, koma pa sikono ndi pa keke ndi imfa. Munthu amene yamukanika sikono, ya zinthu zowerengeka, mungamukhulupirire bwanji pa keke yosanja katatu?

Sikonoyo kwawo ndi ku Scotland, kumene kunachokera amishoni amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, koma lero ndi yathu. Pitani mu tiyirumu iliyonse pa msika wa kumudzi mukaone: kapu ya tiyi wa Chombe wothira mkaka, sikono pambali, munthu wakhuta mpaka masana. Inu mukuiona yachikale chifukwa siituluka bwino pa chithunzi.

Za sodazi ndiime kaye, chifukwa ndi pamene ophika ambiri amagwera. Soda ndi mbale wake wa chidulo chija timacheza ndi phulusa pophika therere. Payekha sagwira ntchito bwino. Amafuna akumane ndi chinthu chowawasa, monga chambiko kapena madzi a mandimu, ndipo akakumana mpamene pamatuluka mpweya wokweza chophikacho. Chowawasacho chikachepa, soda wotsalayo amakhala momwemo, ndiye kuwawa kuja ndi chikasu chija. Baking powder ndi soda yemweyo, kungoti ku fakitale anamusakaniza kale ndi chowawasa chake chouma, n'chifukwa chake wophika wodziwa sasinthanitsa ziwirizi mwachisawawa. Ndaona ndi maso angawa mtsikana wa digiri akuthira soda supuni yodzadza mu keke ya mkaka wawisi, kenako n'kumadzudzula uvuni.

Chachiwiri ndi mphuno, ndipo mphuno imafuna kulawirira. Bekale yabwino imadziwika mbandakucha, tambala wachiwiri atangolira, pamene fungo limatulukira pa zenera n'kukakupeza ku msewu. Inu nthawi imeneyo mumakhala muli mtulo, mwagona mochedwa ndi TikTok. Mumafika dzuwa litapendeka n'kumadabwa kuti mabanzi ndi ouma. Pitani m'mawa mukanunkhize, mukabwerenso madzulo mukaone mashelefu. Akakhala kuti atsala pang'ono kutha, pamenepo pali bwino, chifukwa zimene aphika lero zikutha lero. Koma mukapeza galasi lodzadza m'mawa, lodzadzanso madzulo, keke yomwe ija yokhala ndi duwa lopindika ili pakona yomweyo Lolemba ndi Lachinayi, yang'anani khomo lotulukira. Funsaninso funso limene manyazi amakuletsani: zaphikidwa liti zimenezi? Wogulitsa wachilungamo amayankha osaphethira, ndipo zadzulo amazipatula n'kuzitsitsa mtengo. Zadzulo si tchimo. Tchimo n'kuzipaka shuga watsopano pamwamba n'kuzitcha zalero.

Iwe wa ku koleji, ndakuona ukuseka. Seka, koma undiyankhe: mu keke wamba mumalowa chiyani, ndipo chochuluka bwanji? Wangoti kukamwa yasa. Imva tsono. Keke yachikale ija Azungu anaitcha dzina la Mfumukazi Victoria ili ndi lamulo losavuta, loti ufa, shuga, majarini ndi mazira zilemere mofanana. Mazira anayi osweka amalemera magalamu pafupifupi 200, ndiye kuti ufa magalamu 200, shuga 200, majarini 200. Pa chifukwa chimenechi, chipangizo choyamba chimene ndimafuna kuona m'khitchini ya wophika makeke si makina aphokoso aja, koma sikelo. Nsima timaphika ndi maso ndi mkono, chifukwa ikafewa timawonjezera ufa ili pamoto. Keke ikalowa mu uvuni yalowa, palibe kuitsatira ndi chipande.

Ndipo pa sikelo pomwepo mpamene pamachitikira umbava. Wophika wachinyengo amachotsa mazira awiri n'kuika madzi, amachepetsa majarini n'kuwonjezera chotupitsa, keke n'kutuluka yaikulu bwinobwino, koma mkati muli mphepo yokhayokha. Lero imadyeka. Mawa lake yauma gwa, imangoyoyoka, yosamezeka popanda madzi. Mafuta ndi shuga ndi zimene zimasunga chinyontho mu keke, choncho umboni weniweni wa bekale umabwera tsiku lachiwiri. Gulani kachidutswa, mukavundikire bwino, mukadye mawa ndi tiyi. Kakakhala kakadali kofewa, bwererani kumeneko. Banzi nayonso ili ndi mayeso ake: ifinyeni pang'ono ndi zala ziwiri. Yabwino imabwerera m'malo. Yampweya imaphwa n'kukhala chiphwereni. Munthu amagula chibanzi chachikulu, zija munazipatsa maina a Bin Laden ndi Obama, akuyesa wapeza phindu, koma akachifumbata chonse chimakwana m'dzanja limodzi.

Komatu musayese kuti ndaitana bwalo kuti ndiweruze ophika okha. Theka la mlanduwu ndi lanu, chifukwa ndinu amene mumawaphunzitsa kuba. Mumafuna keke yaikulu, yokongola, ya mawa lomweli, pa mtengo wa mandasi. Tsitsi la m'sitolo mumagula osanenerera, mabandulo a intaneti mumagula tsiku ndi tsiku osadandaula, koma mukafika kwa mayi wophika keke mumasanduka akatswiri onenerera mtengo. Kodi mumadziwa kumene ufa umenewo umachokera? Tirigu wolimidwa kuno ndi wochepa zedi, wa kumapiri ozizira monga ku Tsangano. Wambiri amabwera pa sitima zapamadzi kuchokera kutali, n'kutsikira pa madoko a ku Mozambique monga Nacala ndi Beira, asanafike ku zigayo zazikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mtengo wa tirigu unakwera padziko lonse, chifukwa maiko awiriwo ndi ena mwa ogulitsa tirigu kwambiri. Chaka chomwecho, mu Meyi, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Shuga yekha ndiye wathu, wa ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, koma nayenso simumutola panjira. Tsono wophika ali ndi njira ziwiri. Wachilungamo amakweza mtengo kapena kuchepetsa kukula kwa keke, n'kukuuzani poyera. Winayo amasunga mtengo ndi kukula komwe, n'kuchotsa mazira mwakachetechete. Inu mumathamangira wachiwiriyo, n'kumamutcha woyambayo wodula.

Ndiye mutatha kumva ulendo wonse umene tirigu wayenda, nyanja, doko, njanji, chigayo, mundiuze nzeru yake ya mwambo watsopanowu wopakana keke kumaso. Munthu wakwanitsa zaka, m'malo momufunira mafuno abwino mukumugwira khosi n'kumuviika nkhope mu chakudya, onse n'kumakuwa ndi chimwemwe. Ife tikagwetsa nyenyeswa ya buledi tinkaitola n'kuiuzira. Tsiku langa lobadwa likadzafika, amene adzayerekeze kundiyandikira ndi kirimu m'manja adzadziwa kuti ndodo iyi siyoyendera yokha.

Tibwerere ku uvuni. Inu mumayesa keke imakoma chifukwa cha makina. Ife tinaphunzira kwa alangizi a zapakhomo amene ankayenda m'midzi, ndi ku misonkhano ya amayi a Mvano, ndipo chipangizo chathu chinali mthiko ndi beseni. Majarini ndi shuga tinkazipuntha mpaka zitayera ndi kupepuka, mkono uli wawawa, chifukwa kupunthako ndi kumene kumalowetsa timpweya ting'onoting'ono timene timadzakula pamoto. Mazira ankalowa limodzilimodzi. Ufa unkabwera pomaliza, wosefa, wongopindira mkati mofatsa, osatakasa. Uvuni wathu unali mphika waukulu wothira mchenga pansi, wokhazika pa mbaula, makala ena pa chivundikiro, moto wapansi wochepa, wapamwamba wochulukirapo. Mabuku amati keke imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 180. Ife madigiriwo tinkawayeza ndi kuseri kwa dzanja. Ndipo panali lamulo limodzi lokhwima: osavundukula msanga. Ukasuzumira keke isanalimbe, mphepo yozizira imalowa, pakati n'kugwa. Kupsa kwake tinkayesa ndi mpeni woonda: ukatuluka woyera, yapsa.

Sindikunena kuti mubwerere ku mchenga. Makina ndi abwino, mkono wanga ukuchitira umboni. Ndikunena kuti wophika amene amadziwa chifukwa cha chilichonse sagwidwa njakata zinthu zikasokonekera. Mukukumbuka mdima umene unatigwera namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri kwa miyezi yochuluka. Nthawi imeneyo ndi imene inasiyanitsa ophika ndi ongodina mabatani. Odziwa anali ndi uvuni wa gasi kapena wa nkhuni pambali, kapena ankadzuka pakati pa usiku magetsi akayaka. Enawo keke inkawagwera pakati magetsi akathima, ndipo mukudziwa chimene ankachita? Ankadzadza dzenjelo ndi kirimu, n'kusalaza pamwamba, n'kuikapo duwa. Mukadula keke n'kupeza kuti m'mbali muli keke koma pakati pali chithaphwi cha ayisingi, musamati wophikayo ndi wopatsa. Wakwirira maliro.

Za ayisingi ndili nazo zambiri. Chija mumachitcha fondant, chosalala, chokutira keke yonse, ndi shuga woumba basi, ndipo ntchito yake ndi ya chitenje chatsopano pa diresi long'ambika. Chili ndi malo ake, sindikukana, pa keke ya ukwati chimathandiza kusunga chinyontho ndi kupirira kutentha. Koma onani m'mbale phwando likatha: aliyense wachisenda n'kuchisiya pambali. Ndiye mwalipira ndalama zambiri kugula chinthu choti musende. Nanga ija yofiira mumaikonda ija, red velvet? Ndi keke ya koko pang'ono ndi chambiko, yothira utoto wofiira. Yophikidwa bwino ndi yokoma ndithu, koma ambiri amangothira utoto mu keke wamba, mwana n'kutuluka lilime lofiira, mayi ake n'kuyamba kufunsa njira ya kuchipatala.

Ayisingi wabwino ndi wopyapyala, wosungunuka pa lilime, wosasiya mafuta omata kumwamba kwa kamwa, wopanda timchenga ta shuga tolira m'mano. Amapakidwa keke itazizira kotheratu, ndipo ichi n'chifukwa china chimene keke yoitanitsa m'mawa kuti ifike masana imakhala yokayikitsa. Ndiponso wophika wanzeru amadziwa dziko limene akukhala. Batala amayamba kusungunuka kutentha kukamayandikira madigiri 35, pamene mu Okutobala ku Nchalo ndi ku Nsanje kumapitirira 40. Mukamuuza kuti mukufuna keke ya kirimu wa mkaka, ayenera kukufunsani: phwando lili kuti, nthawi yanji, m'nyumba kapena pabwalo, filiji ilipo, nanga keke idzayenda bwanji? Kirimu wa mkaka sachedwa kuwonongeka pa kutentha. Maola awiri ali panja ndi okwanira kuyamba kumukayikira. Wophika amene amakufunsani mafunso ambiri mpaka kukutopetsani, ameneyo mugwireni ndi manja awiri. Amene amakuuzani kuti ayi, zimenezo sizitheka pa dzuwa limeneli, kapena kuti ayi, sabata ino ndadzaza, ndiye woposa onse. Inu mumakonda uja amati zonse n'zotheka bwana, kenako keke yosanja n'kubwera pa kabaza, pamiyendo pa mnyamata, m'mabampu a ku Ndirande, n'kufika itatsamira mbali imodzi, dzina la mwini wake litatsetsereka mpaka kusanduka dzina la munthu wina.

Filiji nayo muziifunsa kuti mumagona chiyani. Mafuta amakoka fungo. Ndinalawapo keke yokongola kwambiri imene inagona usiku umodzi ndi usipa, ndipo sindinafunikire kuuzidwa.

Pano ndisiye kaye nthabwala. Ukhondo si nkhani yoseketsa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Keke ikatuluka mu uvuni imakhala yopanda vuto, moto wapha tizilombo toyambitsa matenda. Choopsa chimabwera pambuyo pake: manja opaka kirimu, madzi otsukira ziwiya, nsalu yopukutira, ntchentche. Mukaima pa kauntala yang'anani dzanja la wogulitsa. Ngati dzanja lomwe lalandira ndalama ndi lomwe likutola banzi, bwezani. Onani ngati pali chopanira, ngati tsitsi ndi lophimba, ngati pali madzi ndi sopo poonekera, ngati chiphaso cha khonsolo chili pakhoma. Zopakidwa m'mapaketi muzifufuza chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene lakhalapo kuyambira 1972, komanso tsiku lothera ntchito. Bekale yabwino siichita manyazi ndi khitchini yake. Mukapempha kusuzumira amakutsegulirani. Mtedza wothira m'mabisiketi ndi pamwamba pa makeke muziuyang'ananso. Mtedza wa chuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo poizoni ameneyo satha ndi moto wa uvuni. Wowawa, wofota, wakuda mkati, lavulani. Mafuta okazingira mandasi ndi madonasi akafika pakuda ndi kuchita thovu, atha ntchito. Mandasi ake amada kunja msanga mkati musanapse, ndipo amakubwerera kukhosi tsiku lonse. Ndipo chakudya chamafuta chokulunga mu nyuzipepala chimabwera ndi inki yake. Nkhani muziwerenga, musamadye.

Tsopano mlandu umene umandiwawa kwambiri mumtima. Mumachita manyazi ndi zakwanu. Ndikaphika chigumu pano, cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, zija zamathothomathotho, mumati agogo takhuta. Koma ndamva kuti m'malo omwera khofi a ku Lilongwe mumagula kachidutswa ka buledi wa nthochi pa mtengo wa nkhuku, chifukwa akalemba pa bolodi m'Chingerezi. Kwa ine bekale yabwino ya m'dziko muno iyenera kudziwa dziko lake. Pambali pa makeke a chokoleti pakhale chikondamoyo chophikidwa mwaulemu, zitumbuwa zotentha, mabisiketi a mbatata, mkate wa nthochi. Wophika wake adziwe kuti nyengo ya mango yafika, kuti nanazi wa ku Mulanje alipo, kuti makademiya amalimidwa ku Thyolo konkuno, kuti malambe amapanga kirimu wowawasa bwino amene amadula kutsekemera. Amene amangodalira ufa wosakaniza kale wa m'paketi, wongothira madzi ndi mafuta, makeke ake onse amakoma mofanana: ya vanila, ya sitiroberi, ya mandimu, kusiyana kwake ndi utoto ndi kadontho ka m'botolo. Mutamumanga maso munthu sangakuuzeni kuti akudya iti.

Shuganso azikhala ndi malire. Keke yabwino umamva dzira, umamva mkaka, umamva kamchere pang'ono kamene kamadzutsa zonse, ndipo kutsekemera kumabwera pamodzi ndi zinzake, osati kutsogola kokha. Wophika wosadziwa amabisala kuseri kwa shuga, chifukwa lilime likaledzera ndi kutsekemera silifunsanso mafunso. Ine a kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse zotsekemera, ndiye kachidutswa kamene ndimaloledwa n'kakang'ono. Mukuganiza kuti ndingakawonongere pa siponji ya utoto?

Musandimve molakwa pa za amayi ndi atsikana ophikira kunyumba, ogulitsa pa WhatsApp. Ena mwa iwo ndi akatswiri kuposa mabekale a magalasi akuluakulu, chifukwa amaphika keke imodzi pa nthawi, ndipo dzina lawo lili pa keke iliyonse. Ambiri akulipirira ana sukulu ndi uvuni umodzi. Foni si mdani wanga. Mdani wanga ndi ulesi wanu wosafuna kufufuza. Chithunzi munthu angathe kuchitenga kwa wina wa ku Johannesburg n'kuchiika ngati chake. Funsani amene anadyapo, osati amene anaonapo. Funsani ngati inafika pa nthawi yake, ngati inali yofanana ndi imene anagwirizana, ngati wophikayo amayankha foni zinthu zikalakwika kapena amangozimitsa. Yambani ndi kuitanitsa timakeke tating'ono tisanu ndi kamodzi musanamupatse ntchito yaikulu. Ndipo mukamupeza wabwino, mulipireni pa nthawi yake, musamuuze kuti zotsalazo tidzaonana pakutha pa mwezi keke mutadya kale.

Iwe mkazi mnzanga, usayang'ane kumbali, nkhani yafika pa iwe. Ankhoswe anabwera, tsiku likudziwika, ndipo ndamva kuti ukufuna keke yosanja kasanu. Ndikudziwa chinsinsi chake, usayese kuti ndine wakumudzi: zosanja zinayi zimakhala za chithovu choyera chija amatchinjirizira wailesi mu katoni, chongokutidwa ndi shuga, keke yeniyeni ndi imodzi yokha. Wophika akakuuza poyera n'kukutsitsira mtengo, palibe mlandu, ndi nzeru yosunga ndalama. Koma imene ili yeniyeniyo ikhale yeniyeni. Kumbukira kuti pa tsikulo udzagwada pamaso pa apongozi ako ndi mbale m'manja, ndipo chinthu choyamba chimene adzalandire kwa iwe monga mpongozi ndi kachidutswa kameneko. Adzakatafuna anthu onse akuona. Kumbukiranso kuti pa perekaniperekani zidutswa zimenezo zidzagulitsidwa, ndipo amalume ako adzatulutsa ndalama zolemera kugula kanthu kokwana pa chikhatho cha mwana. Munthu wotero usamupatse mphepo yokutira m'pepala lonyezimira.

Kale keke ya ukwati inkakhala ya zipatso zouma, yakuda, yolemera, yophikidwa milungu ingapo tsiku lisanafike, ndipo inkakoma kwambiri ikagonera. Shuga wambiri ndi zipatsozo zinkaisunga miyezi osawonongeka, mwakuti achibale akutali amene sanafike ankatumiziridwa gawo lawo. Masiku ano mumati ndi yolemetsa m'mimba, mukufuna yofewa. Chabwino, ukwati ndi wako. Koma yofewayo siigonera, iyenera kuphikidwa kutatsala masiku awiri kapena atatu, choncho wophika wako akhale munthu wosunga nthawi, wosalandira maukwati asanu Loweruka limodzi. Umufunse amene adzainyamule kupita ku holo, ndi amene adzaisanje, chifukwa keke yosanja imafuna timitengo tochirikiza mkati, apo ayi yapamwamba imamira mu yapansi abusa asanamalize n'komwe ulaliki. Zonse mulembe pa pepala: kukula kwake, mtundu wake, tsiku, ola, ndalama zimene wapereka ndi zotsala.

Ndipo usadzapereke ngakhale tambala usanalawe. Wophika makeke a ukwati wodzilemekeza amakonza tizidutswa toti anthu alawe asanagwirizane. Kolawako sukapita ndi anzako aja ongodziwa kujambula, ukapita ndi ine. Mano anatha, koma lilime lilipo lonse. Udzanditenge Loweruka m'mawa, mame asanaume, ndipo ya minibasi ndi yako, popita ndi pobwera pomwe. Amuna angawa adzatinyamulire ambulera.